Njuga ndi Ana Athu: Mabodza Asanu ndi Awiri Oyenera Kuwakana

Pa tsamba lino la zaumoyo timakambirana kawiri-kawiri za malungo, cifuwa ca TB, kolera ndi kadyedwe ka ana. Lero tiphunzire za nthenda ina imene ili kulowa m'nyumba zambiri kuno ku Palabana ndi m'madera ena a boma la Chongwe. Nthendayi ndi cizolowezi ca njuga pakati pa anyamata ndi atsikana a zaka 13 kufikira 19.

Kale njuga inali ya makhadi. Anthu anali kuchova kuseri kwa msika kapena m'mashabini, ndipo mwana akaonekera kumeneko, pofika madzulo makolo ake anali atamva kale. Masiku ano zinthu zinasintha. Kuli makina a bonanza m'mabala ndi m'tuntemba, kuli kubecha mpira pa lamya, ndiponso kuli masewera a kandeke ochedwa Aviator. Ndalama zimayenda pa Airtel Money kapena pa MTN. Motero mwana angathe kuluza ndalama za thumba la feteleza ali gone m'nyumba, amai ake ali kuphika nsima panja, popanda wina womuona.

Njuga ndi kuika ndalama pa cinthu cimene sitidziwa mathero ake, ndi ciyembekezo cakuti tilandire zambiri. Ana athu amalowamo cifukwa ca mau amene amauzana kusukulu, pa bwalo la mpira ndi pa WhatsApp. Ambiri mwa mauwo ndi mabodza. Tiyeni tiwaone limodzi-limodzi.

BODZA LOYAMBA: "Njuga ndi masewera cabe, siingadwalitse munthu"

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization linaika cizolowezi ca njuga m'buku lake la maina a matenda, m'gulu la zizolowezi zomanga munthu, pafupi ndi za mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Buku latsopanoli linayamba kugwira nchito mu January 2022. Bungweli linanena mu 2024 kuti pa anthu akulu 1,000 alionse pa dziko lapansi, anthu 12 ali ndi nthendayi.

Mu ubongo muli madzi ena ochedwa dopamine, amene amacititsa munthu kulakalaka cinthu ndi kufuna kucibwereza. Madziwa amaculuka kwambiri pamene munthu ali kudikira mphotho imene sadziwa ngati ibwera kapena iai. Njuga imagwira munthu pamenepo. Umboni wina ndi uwu: odwala ena a nthenda yonjenjemera ya Parkinson, akapatsidwa mankhwala ena ogwira nchito ngati dopamine, amayamba kuchova njuga mosaletseka ngakhale kuti sanachovepo ndi kale lonse, ndipo adokotala akacepetsa kapena kusintha mankhwalawo, cibabaco kawiri-kawiri cimatha.

Kwa mwana ngoziyi ndi yaikulu koposa. Mbali ya ubongo ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi, ndiyo imagwira nchito ya mabuleki. Imauza munthu kuti "ima kaye, ganiza za mawa." Mbali imeneyi imamaliza kukhwima munthu akafika zaka pafupi-fupi 25. Mwana wa zaka 15 ali ngati motoka ya injini yamphamvu koma ya mabuleki osalimba. Gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya The Lancet Public Health linalengeza mu 2024 kuti mwa acinyamata 100 alionse obecha pa masewera monga mpira, 16 amagwidwa ndi nthendayi, pamene mwa akulu 100 ndi 9. Pa njuga za makina a pa intaneti, acinyamata ndi 26 ndipo akulu ndi 16.

BODZA LACIWIRI: "Ine mpira ndimaudziwa, sindingaluze"

Awa ndi mau a anyamata ambiri odziwa pamtima maina a osewera onse a Arsenal ndi Real Madrid. Koma kumbukirani tsiku la 12 February 2012 ku Libreville m'dziko la Gabon. Timu ya Ivory Coast inafika pa mpira wotsiriza wa cikho ca Africa isanamwetsedwe cigoli ngakhale cimodzi. Odziwa mpira ambiri anati cikho ndi cao. Didier Drogba anaphonya penate, mpira unatha 0-0, ndipo Chipolopolo inapambana 8-7 pa mapenate, Stoppila Sunzu atamenya yotsiriza. Mu 2016 Leicester City inatenga ligi ya ku England pamene makampani a njuga anali atalonjeza 5,000 pa ndalama imodzi iliyonse, poona kuti sizingatheke. Mu November 2022 Saudi Arabia inagonjetsa Argentina ya Lionel Messi 2-1. Mpira ndi wokoma cifukwa palibe munthu wodziwiratu mathero ake.

Cinanso ndi cakuti kampani imadula gawo lake mpira usanayambe. Tiyerekeze kuti tili kuponya khobidi m'mwamba. Mwai wa mbali iliyonse ndi wofanana, motero malipiro acilungamo ndi K20 pa K10 iliyonse. Koma kampani imalipira K19. Mukabecha ka 100, mwatulutsa K1,000. Mukawina ka 50, mwalandira K950. Mwataya K50 popanda tsoka lililonse. Ndi mmene kampani imapezera ndalama za malipiro a anchito ake ndi zolengeza malonda pa wailesi.

Tiketi ya matimu ambiri, imene ana amaikonda cifukwa K5 imalonjeza zikwi-zikwi, ndiyo yoipitsitsa. Ngati pa mpira uliwonse muli ndi mwai wolondola 7 pa 10, umene ndi mwai waukulu ndithu, pa tiketi ya mipira 10 mudzawina katatu kokha pa matiketi 100. Ngati mwai wa mpira uliwonse ndi theka, mudzawina kamodzi pa matiketi 1,024.

BODZA LACITATU: "Ndaluza kambiri, tsopano nthawi yanga yowina yafika"

Makina a bonanza ndi kandeke sizikumbukira za dzulo. Ulendo uliwonse umayamba mwatsopano. Pa 18 August 1913 m'nyumba ya njuga ya ku Monte Carlo ku Ulaya, kampira ka pa gudumu la njuga kanagwera pa malo akuda ka 26 motsatizana. Anthu anali kuunjika ndalama pa malo ofiira, namati tsopano sikangalephere, ndipo anataya cuma cambiri usiku womwewo. Gudumu silinali kudziwa kuti lili ndi nkhongole kwa munthu wina aliyense.

Mwana amatinso, "Inangotsala timu imodzi, ndinatsala pang'ono." Akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge anaonetsa mu 2009 kuti kuphonya pang'ono kumadzutsa mbali zomwezo za ubongo zimene zimadzuka munthu akawina, ndipo kumaonjezera cilakolako cobwereza. Koma tiketi yophonya timu imodzi ndi tiketi yophonya matimu onse zimalipira cimodzi-modzi: palibe ngwee.

Pa bodza limeneli pamabadwa mcitidwe woopsa koposa yonse, wothamangitsa ndalama zoluzidwa. Ena amaphunzitsana kuti ukaluza, ubwerezenso ndi ndalama zowirikiza kawiri. Werengani nokha: K5, K10, K20, K40, K80, K160, K320, K640. Mukaluza kasanu ndi katatu motsatizana mwataya K1,275, ndipo kuti mupitirize mufunika K1,280, zonsezi pofuna phindu la K5 cabe. Mwana wa sukulu alibe ndalama zotere. Tsono amatenga za mkaka zimene atate ake anamutuma kukalandira, amagulitsa nkhuku mobisa, kapena amapita kwa a kaloba. Madzi akatayika saoleka. Ndalama yoluzidwa yapita, ndipo nzeru ndi kuimira pomwepo.

BODZA LACINAI: "Pali njira yacinsinsi yowinira"

Pa WhatsApp, Telegram ndi Facebook pali anthu ogulitsa "mipira yokonzedwa kale" ndi tumapulogalamu tomati timadziwiratu pamene kandeke kadzathawire. Ena amapita kwa sing'anga kukatenga mphete kapena mankhwala osamba a mwai, ndipo ena amatsata manambala a kumaloto. Dzifunseni funso limodzi: munthu amene angadziwe mathero a mpira wa mawa, angabvutikirenji kupempha K50 kwa mwana wa giredi 9? Akanabecha yekha mwakacetecete. Macenjera a ena mwa iwo ndi akuti amauza gulu lina kuti timu iyi iwina, gulu lina kuti iluza, ndipo gulu linanso kuti zithera pofanana. Gulu limodzi limalondola ndithu, ndipo anthu a m'gulu limenelo ndiwo amalipiranso mawa lake ndi kuitana anzao.

Za kandeke, eni ake a masewerawo, kampani ya Spribe, amalemba poyera kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse pamodzi aika, K97 ndiyo imabwerera kwa osewera. Zioneka ngati K3 ndi yocepa. Koma ulendo umodzi wa kandeke umatha m'timphindi towerengeka, ndipo wosewera amabwezamo ndalama zomwezo mobwereza-bwereza. Mwa masamu, K100 ikazungulira ka 23 imatsala theka, ndipo ikazungulira ka 50 imatsala K22. Palibe mphete kapena pulogalamu imene ingasinthe masamu amenewa.

BODZA LACISANU: "Ka K5 kapena ka K10 sikangapweteke munthu"

K10 tsiku lililonse ndi K3,650 pa caka. Ndalama zimenezi zingagule yunifomu, nsapato, makope ndi anapiye oyambira nao ulimi wa nkhuku. Cinanso, monga womwa mowa amene kale anali kuledzera ndi botolo limodzi koma tsopano afuna anai, wochova njuga amafika pakuti K5 siimukoma, afuna K50.

Ndipo cimene cimatayika si ndalama zokha. Mipira ya ku Ulaya ya pakati pa sabata imatha mocedwa usiku, ndipo kandeke sikagona. Mwana wogona maola anai amasinza m'kalasi, amaiwala zimene waphunzira, ndipo amapsa mtima msanga. Kuyambira mu January 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufikira giredi 12. Ndi cisoni kuona mwana amene khomo la sukulu lamutsegukira ali kulephera mayeso cifukwa ca lamya.

BODZA LACISANU NDI CIMODZI: "Anzanga ali kulemera nazo, njuga ndi nchito"

Wowina amaonetsa tiketi yake kwa mudzi wonse, koma woluza amang'amba yake n'kukhala cete. Motero khutu limangomva za owina okha. Mnyamata amene anawina K2,000 sanena kuti m'miyezi isanu ndi umodzi waponyamo K5,000. Cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Bungwe la World Health Organization linanenanso kuti pafupi-fupi K60 pa K100 iliyonse imene makampani a njuga amapeza imacokera kwa anthu amene njuga yayamba kale kuwaononga. Malonda amenewa amaima pa misana ya anthu odwala. Ngati muona mnzanu atawina zambiri pa masiku oyamba, mumvereni cisoni, pakuti kuwina koyambirira kumasiya cikumbukiro cokoma cimene munthu amacithamangira zaka zambiri.

Nchito yeni-yeni ili ndi malipiro odziwika. Wokama ng'ombe, wothirira dimba la tomato kapena wosoka zobvala amadziwa kuti akaonjezera khama ndi luso, phindu limakula. Pa njuga, ukaonjezera khama ndi pamene umataya zambiri.

BODZA LACISANU NDI CIWIRI: "Izi ndi za ana opulupudza a m'tauni, wanga sangacite"

Bodza ili ndi lathu makolo. Lamya siisankha Kalingalinga kapena Palabana. Ana anzeru pa masamu amagwidwa, pakuti amakhulupirira kuti angaiposere nzeru kampani. Ana ofatsa a m'kwaya amagwidwa, ndipo amadziwa kubisa koposa anzao. Anyamata ndiwo ambiri, koma atsikana nawonso amagwidwa, maka-maka pa masewera a pa lamya amene safuna kupita ku bala. Malamulo a dziko lino salola munthu wosafika zaka 18 kubecha, koma ana amalembetsa ndi lamya kapena NRC ya amai ao, ya mkulu wao kapena ya agogo ao. Nthawi zina atate eni ake ndiwo amatuma mwana kukawabechera, kapena kumufunsa kuti awasankhire matimu. Pamenepo sukulu ya njuga yatsegulidwa m'nyumba momwemo.

Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Munthu mmodzi wogwidwa kwambiri ndi njuga amabvutitsa anthu ena pafupi-fupi asanu ndi mmodzi omuzungulira.

ZIZINDIKIRO ZOYENERA KUZIYANG'ANA

Ife a m'zipatala sitiona mwana wobwera kudzanena kuti "ndadwala njuga." Amabwera ndi mutu wosatha, kusowa tulo, kugunda kwa mtima, kuwawa kwa m'mimba kapena kuonda. Tikapima malungo, magazi ndi zina, zonse zimapezeka bwino. Pofunsitsa m'pamene nkhani ya nkhongole imatuluka. Kunyumba yang'anani izi:

1. Ndalama ndi katundu zimasowa m'nyumba, kapena mwana ali ndi ndalama zosadziwika kocokera.
2. Amabisa lamya, amafafaniza mauthenga a ndalama, ndipo amakwiya mukaigwira.
3. Amatsata mipira ya maiko amene kale analibe nao nchito, ndipo amakhumudwa koposa muyeso timu ikaluza.
4. Amagona mocedwa, amajomba kusukulu, ndipo zotsatira za mayeso zatsika.
5. Amabwereka kwa anzake, ndipo anthu acilendo amabwera kudzamufunsa pakhomo.
6. Analonjeza kuleka, koma anabwererako.

Pali mafunso awiri amene a zaumoyo amagwiritsa nchito, ndipo inunso mungafunse mwana wanu kapena kudzifunsa nokha. Loyamba: kodi unamvapo kuti uyenera kumaonjezera-onjezera ndalama zobecha? Laciwiri: kodi unanamizapo anthu amene umawakonda za ndalama zimene wabecha? Ngati yankho ndi inde pa funso limodzi lokha, pafunika kuonana ndi a cipatala.

Cenjezo lalikulu ndi ili. Kafuku-fuku wa ku Sweden wa mu 2018 anapeza kuti anthu odwala nthenda ya njuga anali pa ngozi yodzipha yoposa ya anthu ena ka 15. Manyazi ndi nkhongole zimalemera pa mtima wa mwana koposa mmene akulu tiganizira. Mwana akanena mau monga "kuli bwino ndingofa" kapena "ndakucititsani manyazi, mudzapumula ndikacoka," musayese nthabwala. Musamusiye yekha, tsekerani kutali mankhwala a m'munda ndi osambitsira ng'ombe, ndipo mupite naye kucipatala tsiku lomwelo.

ZOYENERA KUCITA

Kwa inu makolo: mukazindikira, yambani mwaugwira mtima. Cikoti ndi kumuyalutsa pa gulu zimaphunzitsa mwana kubisa bwino koposa kale. Khalani naye pansi pa awiri, kapena itanani amalume ake kapena azakhali ake amene amamasuka nao. Muuzeni kuti mwaona bvuto, kuti zocita zake zakupwetekani, ndi kuti muli naye pamodzi. Lembani nkhongole zonse pa pepala. Musafulumire kumulipirira zonse mwakacetecete, pakuti ambiri akamasulidwa motere amabwererako. Konzani kuti abweze pang'ono-pang'ono ndi nchito ya manja ake. Sinthani nambala yacinsinsi ya ndalama za pa lamya yanu, tsekani akaunti ya njuga, ndipo kwa miyezi ingapo musamutume kukalandira ndalama zambiri. Usiku lamya igone kucipinda ca makolo. Ngati inu eni mumabecha, lekani, pakuti mwana amatsata mapazi koposa mau.

Kwa inu anyamata ndi atsikana: ngati mwagwidwa, simuli nokha ndipo simuli otembereredwa. Uzani munthu wamkulu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe. Cotsani mapulogalamu a njuga pa lamya ndi kutuluka m'magulu a matiketi. Cibaba cikabwera, dziwani kuti cimakwera kenaka n'kutsika cokha. Tulukani panja, tungani madzi, kamenyeni mpira weni-weni pa bwalo. Mukagwa tsiku lina, musati zonse zatha. Nenani zoona ndi kuyambanso.

Kwa aphunzitsi, mafumu, a machalichi ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi: aphunzitsi a masamu angathe kuwerengetsa ana zitsanzo zili pamwambazi m'kalasi, kuti aone okha kumene ndalama zimapita. Eni tuntemba ndi mabala olola ana a yunifomu pa makina a bonanza acenjezedwe, ndipo akapitiriza, nkhani ipite ku khonsolo ndi kwa apolisi.

KOKAPEZA THANDIZO

Nthendayi imacizika. Palibe jekeseni kapena mbulu wa mankhwala wocotsa njuga, koma uphungu wa kambiri-kambiri umathandiza munthu kuzindikira maganizo abodza, kupewa zomukopa ndi kukonza nkhongole zake. Ngati palinso nthenda ya kukhumudwa, nkhawa, mowa kapena camba, zimenezo timaciza pamodzi. Yambani pa kiliniki ya kwanuko, ndipo a kumeneko angakutumizeni ku cipatala ca boma la Chongwe kapena ku Chainama Hills mu Lusaka ngati kuli kofunika. Kupita ku Chainama sikutanthauza misala iai. Ana angathenso kuimba lamya yaulere ya Childline pa nambala 116. Pemphero ndi cilimbikitso ca mpingo ndi zabwino, ndipo ziyende pamodzi ndi thandizo la kucipatala.

Mtengo amauongola ukali waung'ono. Mwana amene wathandizidwa ali ndi nkhongole ya K200 amacira msanga koposa bambo amene wagulitsa kale ng'ombe ndi munda. Werengani tsamba lino pamodzi ndi ana anu madzulo ano, ndipo muwafunse kuti pa mabodza asanu ndi awiriwa, ndi ati amene anawamvapo kwa anzao.